Ulendo wa tsiku limodzi pa sitima ya malasha ya Jacobite: yankho kwa mayi wa ku Glasgow

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akukhala mumzinda wa Glasgow, ku Scotland. Bambo awo a zaka 74 akubwera kudzacheza mu Julayi, ndipo mayiwa akufuna kuwakweza sitima ya malasha yotchedwa Jacobite, imene imayenda pakati pa Fort William ndi Mallaig. Pa ulendowo padzakhalanso ana awo awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 10. Afunsa ngati n'zotheka kuchoka ku Glasgow m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, mbali imene ayenera kukhala kuti aone bwino mlatho wa Glenfinnan, ngati utsi sungawavute agogo popeza amadwala mphumu, komanso chifukwa chake anthu ena amadandaula kuti analipira sitima ya malasha koma tsikulo n'kukokedwa ndi injini ya dizilo.

Mayi, zikomo polemba. Tiyambe ndi nkhani yogona, chifukwa ndi imene imasokoneza anthu ambiri asanaione n'komwe sitimayo.

Kuchoka ku Glasgow Queen Street kukafika ku Fort William pa sitima wamba ndi ulendo wa maola atatu ndi mphindi pafupifupi 45. Jacobite ya m'mawa yakhala ikunyamuka 10:15 kwa zaka zambiri, pamene sitima wamba yoyamba yochokera ku Glasgow imafika cha m'ma 12 koloko masana. Apa n'zoonekeratu kuti pa sitima wamba ya m'mawa simungaipeze. M'miyezi yotentha pamakhalanso ya masana imene imanyamuka 1 koloko itatsala pang'ono kukwana. Imeneyo mukhoza kuipeza, koma imabwerera ku Fort William cha m'ma 7 koloko madzulo, sitima wamba yomaliza ya ku Glasgow itapita kale. Mukadalira sitima wamba, mulimonse mmene mungapangire, usiku umodzi mugona ku Fort William. Pa galimoto n'zotheka, mumsewu wa A82, maola pafupifupi atatu kupita ndi atatu kubwera, koma kuika munthu wachikulire ndi ana aang'ono pa maola asanu ndi limodzi a galimoto ndi anayi a sitima tsiku limodzi n'kuwazunza. Langizo lathu ndi lakuti mufike ku Fort William madzulo, mugone, mukwere ya m'mawa. Imabwerako cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo mumakhala ndi mpata wokwera sitima kapena basi yobwerera kwanu. Nthawi zimenezi zimasintha pang'ono chaka ndi chaka, choncho mutsimikize pa ndandanda ya chaka chino musanalipire chilichonse.

Malo ogona ndi matikiti musungitsiretu tsopano. Julayi ndi mwezi umene anthu amadzaza, ndipo mipando imatha kukali miyezi. Sitimayi imayendetsedwa ndi kampani ya West Coast Railways, ndipo nyengo yake imayamba cha mu Epulo n'kutha mu Okutobala. Tikiti yake si yofanana ndi ya ScotRail, kampani ya sitima wamba, ngakhale zonse zimayenda pa njanji imodzi. Mukaiphonya pobwerera, mudzafunika kugula tikiti ina ya sitima wamba.

Tsopano za njanjiyo. Kuchoka ku Fort William kukafika ku Mallaig ndi makilomita pafupifupi 67. Inatsegulidwa pa 1 Epulo 1901, ndipo cholinga chachikulu chinali kunyamula nsomba kuchokera kudoko la Mallaig kupita kumisika ya kum'mwera zisanaonongeke. Amene anaimanga ndi kampani ya Robert McAlpine. Miyala ya m'derali ndi yolimba kwambiri, yovuta kuisema kuti ikhale yomangira, n'chifukwa chake milatho yake anaiumba ndi konkire, chinthu chimene chinali chachilendo nthawi imeneyo. Sitima za malasha zinasiya kugwira ntchito wamba ku Britain mu 1968, koma mu 1984 anazibweretsanso pa njanjiyi kuti zizinyamula alendo m'chilimwe, ndipo dzina loti Jacobite linayamba mu 1995.

Njanjiyi ndi imodzi yokha, yopita ndi yobwera yomweyo. Sitima zimapatukirana pa masiteshoni ochepa monga Glenfinnan ndi Arisaig, ndipo dalaivala sangalowe m'chigawo chotsatira asanalandire chilolezo pa wailesi kuchokera ku ofesi ya ku Banavie. Sitima ina ikachedwa, inunso mumaima n'kudikira. Musadabwe mukaima pakati pa tchire kwa mphindi khumi popanda chooneka. Pachifukwa chomwechi, musakonze ulendo wotsatira moti mphindi 15 zokha zikusokonezeni.

Funso la mbali yokhala lili ndi yankho lalifupi ndi lalitali. Lalifupi ndi lakuti popita ku Mallaig khalani kumanzere. Lalitali n'lakuti kumanja nakonso kuli zake, ndipo musakhumudwe ngati tikiti yakuikani kumeneko. Mutangotuluka m'tauni, pa Banavie, sitima imawoloka ngalande ya Caledonian pa mlatho wotembenuka, ndipo kumanja mumaona Neptune's Staircase, zitseko zamadzi zisanu ndi zitatu zosanjikizana ngati masitepe, zokwezera mabwato, ntchito ya injiniya Thomas Telford. Pa Corpach tembenukani muyang'ane kumbuyo: kukakhala kopanda mitambo mudzaona Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, la mamita 1,345. Kenako nyanja ya Loch Eil imakuperekezani kumanzere kwa nthawi ndithu. Mukadutsa Glenfinnan, nyanja ya Loch Eilt ndi tizilumba take ta mitengo ya paini zimakhala kumanja, ndipo ambiri amene amaidziwa njanjiyi amati pamenepa ndi pokongola kuposa pamlatho.

Mlatho wa Glenfinnan uli ndi zipata 21, ndi wautali mamita pafupifupi 380, ndipo pakati pake ndi pokwera mamita 30 kuchokera pansi. Ndi wokhota ngati uta, ndipo popita mkati mwa utawo ndi kumanzere. N'chifukwa chake wokhala kumanzere, makamaka m'mabogi akumbuyo, amaona injini ikukhota kutsogolo kwake, zipilala zili ndondondo pansi. Kumanzere komweko, chakumunsi, kuli nyanja ya Loch Shiel ndi chipilala cha mu 1815 chokumbukira malo amene Charles Edward Stuart anakwezera mbendera yake pa 19 Ogasiti 1745, poyamba nkhondo yofuna kulanda ufumu. Otsatira banja lake ndi amene ankatchedwa ma Jacobite, ndipo dzina la sitimayi lachokera pamenepo.

Tinene chilungamo pa za mlathowu, Mayi. Dalaivala amachepetsa liwiro, komabe mumawoloka mu mphindi ziwiri kapena zitatu. Chithunzi chimene ana anu anaona m'mafilimu a Harry Potter, cha sitima yonse ili pamlatho utsi uli tolotolo, chimajambulidwa ndi munthu amene waima paphiri, osati amene ali m'sitima. Ngati mtima wa anawo uli pa chithunzi chimenecho, konzani tsiku lina, kapena masana a tsiku lofika, mukwere sitima wamba kapena basi mpaka ku Glenfinnan, muyende pansi kukwera kanjira kopita pamalo oonerera. Ya m'mawa imawoloka pakati pa 10:45 ndi 11 koloko, ndipo muyenera kufika kukali mphindi 40 chifukwa anthu amachuluka ndipo malo oimika galimoto amadzaza msanga. Kanjirako ndi kokwera, ka miyala ndi matope, kotero agogo akhoza kuonerera ali pansi pafupi ndi zipilala. Musalole mwana kudumpha mpanda wa njanji pofuna chithunzi chabwino. Ndi mlandu wa chindapusa chofika mapaundi 1,000, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti sitima siima msanga. Jacobite imaima pa siteshoni ya Glenfinnan kwa mphindi pafupifupi 20 popita, ndipo pali kanyumba kosungiramo zinthu zakale za njanjiyi, koma nthawi imeneyo siikwanira kupita kumlatho n'kubwerako. Musayese.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa n'chakuti ku Mallaig kulibe chotembenuzira injini. Ikafika, amaimasula, imadutsa pa njanji ya pambali n'kukalumikizidwa kumapeto ena a mabogi, ndipo imabwerera chambuyo, ngolo yake ya malasha ili patsogolo. Mabogi satembenuka. Ndiye kuti bogi imene inali yomaliza popita imakhala yoyandikana ndi injini pobwera, ndipo zenera limene linali kumanzere limakhala kumanja, likuyang'anabe mbali yomweyo ya nyanja. Onani bwino nambala ya mpando wa ulendo uliwonse pa tikiti yanu. Ngati mukufuna chithunzi cha injini nkhope yake ili kutsogolo, jambulani ku Fort William musananyamuke kapena pa Glenfinnan popita.

Kuti tiyankhe za utsi ndi za dizilo, tiyenera kulowa kaye m'injinimo, chifukwa mayankho onse awiri ali mmenemo.

Injini zimene zimakoka sitimayi kawirikawiri ndi za mtundu wa Black Five, zimene anakonza William Stanier. Zinapangidwa 842 pakati pa 1934 ndi 1951. Mawilo ake akuluakulu ndi asanu ndi limodzi, lililonse lotalika mamita 1.83, kuposa anthu ambiri. Ngolo imene imakoka kumbuyo kwake imanyamula matani 9 a malasha ndi malita pafupifupi 18,000 a madzi. Ina yodziwika pa njanjiyi ndi K1 nambala 62005, yopangidwa mu 1949 ku Glasgow komweko kumene mukukhala.

Moto umayaka m'bokosi lachitsulo lozunguliridwa ndi madzi mbali zonse ndi pamwamba. Mpweya wotentha umachoka m'bokosilo n'kudutsa m'mapaipi ambirimbiri amene ali m'kati mwa boila, n'kukatulukira kuchumuni. Madzi amawira ali otsekeredwa, kotero mphamvu yake imakwera kufika pa 225 psi, kuwirikiza kasanu ndi kawiri mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono, ndipo pa mphamvu imeneyo madzi amatentha pafupifupi madigiri 200. Dalaivala akatsegula chotsegulira, nthunzi imalowa m'masilinda awiri n'kukankha mapisitoni kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mikono yachitsulo imatembenuza mawilo. Nthunzi imene yagwira kale ntchito imatulukira kuchumuni mwamphamvu, ndipo potuluka imakoka mpweya kudzera m'moto. Apa ndiye pali nzeru yonse ya makinawa: injini ikamalimbika, yokha imadzikolezera moto. Kulira kwa "chu-chu-chu-chu" kumene mumamva ndi nthunzi imeneyo, kanayi pa kuzungulira kulikonse kwa wilo. Mwana wa zaka 10 uja mumuuze awerenge pamene sitima ikunyamuka pang'onopang'ono, adzaona kuti n'zoona.

Anthu awiri ndi amene amaigwira ntchitoyi: dalaivala, ndi wosonkha moto amene amaponya malasha ndi fosholo komanso kuyang'anira madzi. Ntchito yawo imayamba inu mukali m'tulo. Boila yozizira siitenthetsedwa mofulumira, chifukwa zitsulo zimafutukuka mosiyana ndipo zolumikizira zimayamba kudontha. Amayatsa kamoto kochepa dzulo lake, n'kukakuza pang'onopang'ono kwa maola angapo. Dalaivala amazungulira ndi chithini cha oyilo kuthira palumikizo lililonse. Wosonkha moto saponya malasha mwachisawawa. Amawayala mochepa koma pafupipafupi, m'makona ndi m'mbali, kuti pasakhale bowo lolowetsa mpweya wozizira. Akathira ambiri nthawi imodzi, moto umabanika ndipo utsi umada bii. Utsi wabwino ndi wotuwa pang'ono. Choyera chimene mumaona chikutumphuka si utsi koma nthunzi imene yakumana ndi mpweya wozizira, n'chifukwa chake tsiku la mvula ndi lachisanu limatulutsa zithunzi zokongola kuposa la dzuwa.

Madzi ndiwo nkhawa yaikulu ya wosonkha moto. Denga la bokosi la moto liyenera kukhala lomira nthawi zonse, apo ayi limafewa ndi kutentha. Pokwera chitunda madzi amathamangira kumbuyo n'kuoneka ngati ndi ambiri, koma injini ikangoweramira kutsogolo potsika amathawira kutsogolo n'kusiya dengalo. Akachulukanso amalowa m'masilinda limodzi ndi nthunzi, ndipo popeza madzi sapanikizika, akhoza kuswa chivundikiro cha silinda. Ichi n'chifukwa chake ponyamuka mumaona nthunzi ikutuluka mwamphamvu pansi, pafupi ndi mawilo akutsogolo: dalaivala watsegula timipopi totulutsira madzi amene anasonkhana m'masilinda. Njanji ya ku Mallaig ndi yokwera ndi kutsika pafupipafupi, choncho anthu awiriwa sapuma. Pa chitunda cha Beasdale njanji imakwera mita imodzi pa mamita 48 aliwonse. Kwa galimoto ndi kachitunda kosaoneka, koma kwa mawilo achitsulo pa njanji yachitsulo ndi nkhondo. Kukagwa kamvula kowaza, mawilo amaterereka n'kuzungulira pamalo amodzi, ndipo mumamva kulira kwa injini kukuthamanga mwadzidzidzi. Dalaivala amatseka nthunzi, n'kuthira mchenga pa njanji kudzera m'timapaipi ta kutsogolo kwa mawilo, n'kuyambanso. Mukamva zimenezi musaope. Mumvetsere bwino, chifukwa phokoso la pa Beasdale ndi chimodzi mwa zimene mwalipirira.

Nkhani ya dizilo ikuchokera pa kukoka kwa mpweya kuja. Injini ikamalimbika pachitunda, mpweyawo umanyamula timakala toyaka n'kutiponya kunja kudzera kuchumuni, ndipo tina timagwa pansi kuchokera m'chotengera phulusa. Muli mawaya osefa m'malo onse awiri, koma satsekereza tonse. M'mbali mwa njanjiyi muli udzu, zitsamba ndi dothi la zomera zowola limene likauma limayaka mpaka pansi kwa masiku ambiri, kutali ndi msewu umene ozimitsa moto angadutse. Kukakhala ng'amba kwa masabata angapo, oyang'anira njanji, a Network Rail, amaletsa sitima za malasha kapena kulamula kuti pakhale ya dizilo yothandiza. Nthawi zina ya malasha imakhalabe kutsogolo koma ya dizilo n'kumakankha kumbuyo kuti moto usakolezedwe kwambiri, nthawi zina ya dizilo imakoka yokha. Chifukwa china ndi kuonongeka. Makinawa ali ndi zaka zoposa 70, ndipo m'mawa uliwonse amayesedwa asanaloledwe kutuluka. Paipi ikadontha, sipulingi ikathyoka, kapena chopopera madzi m'boila chikakana, injiniyo siyenda tsikulo, ndipo ndi bwino kuti zizikhala choncho. Malamulo a pa tikiti amanena kuti kampani ikhoza kusintha injini, choncho muwawerenge musanalipire kuti mudziwe zimene amachita zikatero. Kutatsala sabata imodzi, yambani kutsatira zanyengo. Ngati kwakhala kukugwa mvula, mwayi woti mupeza ya malasha ndi waukulu, ndipo Fort William ndi limodzi mwa matauni a mvula yambiri ku Britain.

Za agogo ndi mphumu, musazitenge mopepuka, koma si chifukwa chowasiyira kunyumba. Utsi wa malasha uli ndi mwaye ndi sulufule, ndipo zonse ziwiri zimatha kuutsa chifuwa. Pabwalo utsi umakwera n'kudutsa pamwamba pa mabogi. Vuto lili m'mphanga zoboola mapiri, zimene zilipo zingapo pakati pa Glenfinnan ndi Arisaig. Mmenemo utsi ulibe kothawira ndipo umalowa pazenera lililonse lotsegula. Mukangonyamuka pa Glenfinnan tsekani zenera la pampando wanu, ndipo muwauze mwaulemu oyandikana nawo kuti muli ndi wodwala chifuwa. Mankhwala awo opopera akhale m'thumba la malaya, osati m'chikwama chimene chili pashelefu. Posungitsa malo pemphani bogi yapakati, chifukwa monga tanenera, yakumapeto imakhala kutali ndi injini ulendo umodzi koma n'kuyandikana nayo ulendo winawo. Pa pulatifomu aime mbali imene mphepo ikuchokera. Ngati mphumu yawo yakhala ikuvuta miyezi yapitayi, kapena anagonekedwapo m'chipatala chaka chino, afunse dokotala asananyamuke. Pali njira inanso yabwino kwa iwo: sitima wamba ya ScotRail imadutsa njanji yomweyo, mlatho womwewo, kangapo patsiku, pa ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 25, pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo mulibe utsi wa malasha. Agogo ndi munthu mmodzi akhoza kukwera imeneyo n'kukakumana ndi enawo ku Mallaig.

Mabogi a Jacobite ndi akale, a m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970. Zitseko zake ndi zopapatiza, sitepe ndi yokwera, ndipo pakati pa bogi ndi pulatifomu pamakhala mpata. Agogo akwere inu muli kumbuyo kwawo, ndipo potsika mutsogole ndinu kuti muwagwire dzanja. Ngati amayendera njinga ya olumala kapena chogwirira, imbirani kampaniyo musanagule tikiti. Mu 2024 nyengo inayamba mochedwa chifukwa cha lamulo lofuna kuti zitseko zonse zizikhomedwa kuchokera pamalo amodzi sitima ikamayenda, ndipo zimenezo zinasintha mabogi amene amagwiritsidwa ntchito. Choncho funsaninso ngati mazenera a bogi yanu amatseguka. Zimbudzi zilimo koma ndi zazing'ono ndipo pamakhala mzere, ndiye ana apite kuchimbudzi cha pa siteshoni musananyamuke.

Zovala: musavale zoyera. Timadontho ta mwaye timagwera pamalaya, ndipo mukatipukuta ndi dzanja timapaka. Tisiyeni tiume, kenako mutikung'unthe. Aliyense akhale ndi juzi ndi jekete la mvula ngakhale m'mawa kutacha bwino, chifukwa ku Mallaig ndi kunyanja yamchere ndipo mphepo yake imalasa. Ambulera sathandiza kwenikweni pa mphepo yotero. Mutu kapena mkono usatuluke pazenera. Njanjiyi imadutsa m'miyala yosemedwa ndi m'mitengo imene ili pafupi kwambiri ndi bogi. Kakhala kakalowa m'diso la mwana, asatikite. Mumugoneke chammbali n'kuthira madzi oyera a m'botolo kuchokera mbali ya mphuno, ndipo ngati akumvabe kubaya pakatha ola limodzi, apite akaonedwe. Magalasi a maso amateteza bwino. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kumakhala timaudzudzu tating'onoting'ono totchedwa midges, timene timaluma m'magulu kukakhala bata ndi chinyezi, makamaka pa Glenfinnan. Sitifalitsa matenda koma timayabwa kwambiri. Gulani mafuta othamangitsira ku sitolo ya mankhwala ku Fort William, ndipo muvale za manja aatali.

Mwana wa zaka 6 uja mumukonzekeretse za phokoso. Mphamvu ya m'boila ikapitirira malire, valavu yotetezera imatseguka yokha n'kutulutsa nthunzi ndi mkokomo woboola m'makutu, popanda chenjezo. Ana ambiri amalira ndi mantha. Mumuuziretu kuti ndi mmene injini imadzitetezera, ndipo akamva atseke makutu ndi manja. Mukapita kukaiona injini, fikani pa siteshoni kukali mphindi 30 kapena 40, anthu asanaunjikane. Mumugwire dzanja, muime kumbuyo kwa mzere wa pa pulatifomu, ndipo asakhudze chitsulo chilichonse, chifukwa mapaipi ena ooneka ozizira amaotcha. Oyendetsa ambiri amakonda kuyankha mafunso a ana ngati sali otanganidwa, koma kukwera m'chipinda chawo n'kwa amene waitanidwa basi.

Pojambula muli m'kati, gundikizani foni pagalasi kuti isatenge chithunzi cha nyali za m'bogi, ndipo muzimitse kuwala kwake. Pamlatho jambulani kanema wamfupi m'malo molimbana ndi zithunzi. Koma wina mwa inu asagwire foni konse, angoona ndi maso. Anthu ambiri akadutsa mlatho amakhala pansi n'kuyamba kuyang'ana zimene ajambula, pamene zabwino zili kutsogolo. Mukadutsa Lochailort nyanja yamchere imayamba kuonekera. Pa Loch nan Uamh sitima imawoloka mlatho wina wa konkire m'mphepete mwenimweni mwa madzi, pagombe limene Charles Edward Stuart anakwerera chombo kuthawira ku France mu Seputembala 1746, atagonja. Arisaig ndi siteshoni ya kumadzulo kwenikweni kuposa zonse ku Britain, ndipo kuchokera pamenepo mumaona zilumba za Eigg ndi Rum, Eigg chodziwika ndi thanthwe lake losongoka. Pa Morar mumawoloka kamtsinje kakafupi kotuluka mu Loch Morar, nyanja ya madzi opanda mchere yakuya kuposa zonse ku Britain, mamita 310, ndipo kumanzere kumaoneka mchenga woyera wa kugombe.

Ku Mallaig mumakhala ndi ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Ndi tauni yaing'ono ya asodzi, ndipo anthu mazana angapo amatsika nthawi imodzi, onse ali ndi njala. Malo odyera amadzaza pa mphindi khumi zoyambirira. Sungitsiranitu tebulo dzulo lake, kapena mmodzi atsike msanga akaime pamzere wa nsomba ndi tchipisi enawo akubwera pang'onopang'ono ndi agogo. Kunyamula chakudya chanu n'kwabwinonso, koma mukamadyera padoko chenjerani ndi mbalame za kunyanja, zimalanda chakudya m'manja mwa ana. Zombo za CalMac zimachoka pamenepo kupita ku Armadale pachilumba cha Skye, ndipo mudzakopeka kuti muwoloke. Nthawi siikwanira kupita ndi kubwera. Yendani padoko, muone mabwato akutsitsa nsomba, ndipo ngati ana ali ndi chidwi, khalani kaye pa pulatifomu mphindi zoyambirira muone mmene amamasulira injini n'kuizungulitsa. Mubwerere pa siteshoni kutatsala mphindi 20, chifukwa njanji ndi imodzi ndipo sitima ikapatsidwa chilolezo imanyamuka, siidikira munthu.

Pobwerera agogo adzakhala atatopa, ndipo ana mwina adzagona. Ngati mukupitirira ku Glasgow madzulo omwewo, gulani tikiti ya sitima kapena basi imene ili ndi mpata wosachepera ola limodzi kuchokera pa nthawi yofikira Jacobite, ndipo zikwama zanu zikuluzikulu muzisiye kumalo amene munagona kuti mukazitenge pobwera, chifukwa m'mabogi akalewa mulibe malo ake.